Kabotolo ka Amuna Anga

Chaka chimenecho kunabwera madokotala a impso ochokera m'tauni, pamodzi ndi ophunzira awo, kudzayeza mikodzo ya ife othyola tiyi pa esiteti ina kufupi ndi Chitakale. Aliyense anapatsidwa kabotolo koti abweze m'mawa mwake. Madokotalawo anafotokoza kuti akufufuza matenda, koma masiku a chipani chimodzi amenewo munthu sunkafunsa mafunso pagulu. Tinkangonong'onezana kumalayini komwe tinkakhala kuti wopezeka wodwala amuchotsa ntchito, nyumba ya kampani n'kumulanda.

Amuna anga anali atayamba kutupa mapazi, moti jombo zinkawathina. Iwo ankafuna kuti awayeze. Ndine ndinawakaniza.

"Ana asanuwa mukawagoneka kuti?" ndinatero, n'kuwalanda kabotoloko. Ndinakodzeramo ineyo, iwo n'kukapereka.

Atabwerako anandiuza kuti dokotala wawagwira chanza, akuti impso zawo zili bwinobwino. Anzawo awiri amene anapezeka ndi vuto anawatengera kuchipatala, ndipo pambuyo pake anabwerera pantchito. Amuna anga tinawaika m'manda chaka chotsatira, atatupa thupi lonse.

Dokotala uja sananame ayi. Impso zimene anayezazo zikugwirabe ntchito mpaka lero.