Kumbuyo kwa Ameya

Kamsika kathu kali m'mphepete mwa msewu wa tala, pakati pa Golomoti ndi Mtakataka. Si mzinda, si tauni. Pali mabenchi angapo, chigayo cha mpunga, butchala imodzi ndi chimbudzi cha zitseko ziwiri. Koma wapampando wa komiti ya msikawo timamutchula kuti Ameya, ndipo palibe amene amaseka. Anayambitsa dzinali ndi kondakitala wina wa minibasi, monyoza, ilo n'kukakamira.

Ndili ku sekondale ndinaona m'buku chithunzi cha meya weniweni, atavala mkanjo ndi unyolo wagolide m'khosi. Wathu amavala chingwe cha nsapato, pamene pamalendewera wenzulo ndi kiyi wa chimbudzi. Sukuluyo ndinaisiyira Fomu 2, ndipo musandifunse chifukwa chake. Anzanga amene anapitiriza ali ku Lilongwe, amatitumizira zithunzi atamanga mataye. Ine ndimapalasa kabaza. Koma mbiri ya mameya athu ndimaidziwa kuposa zonse zimene ndinkaloweza m'kalasi.

Woyamba anali mkulu wina wogulitsa usipa. Ndinali wamng'ono, ndiye chimene ndimakumbukira kwambiri ndi wenzulo. Ankaimbira mbuzi, ana, zidakwa, ngakhale minibasi imene yaima mokhota. Ndi iwo amene anagawa malo, nsomba uku, mandasi uko, kuti ntchentche zisamachezerane. Mpandowo sanausiye mpaka tsiku limene anagwa pa benchi lawo lomwelo, dzuwa likuswa mtengo. Msika sunatsegulidwe kufikira titawaika.

Wachiwiri anali telala. Ankavala jekete ngakhale mu Okutobala, pamene nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Ankakonda kulankhula pagulu. Chimbudzi chathu anachitsegulira podula kansalu kotsala ku diresi la munthu, anthu akuomba m'manja. Chinawagwetsa ndi chimbudzi chomwecho. Tsiku lina la msika anapita ku Salima kukagula nsalu, kiyi ali m'khosi, ndipo anthu anakhalira kuthamangira kutchire mpaka madzulo. Amayi a tomato sanawakhululukire.

Wachitatu anali abambo anga.

Abambo ndi okonza njinga, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa butchala. Ndinena mosabisa, pa mameya onse iwo ndiye anali abwino, ndipo ubwinowo ndi umene unkandinyansa. Mbuzi ikadya kabichi wa munthu, Ameya. Wina akasuntha beseni lake kulowa malo a mnzake ndi chikhatho chimodzi, Ameya. Mwana akasochera, maliro akagwa, loko akakana, Ameya. Iwo ankangoika sipanala pansi n'kunyamuka, njinga ya eni ake ili chagada, mwini wake ataima pambali ngati mlonda. Makasitomala anatopa, ambiri anayamba kukankha njinga zawo mpaka ku Golomoti. Amene ankatsala ndinkawamatira machubu ine, ndikatsitsa munthu.

"Bambo, msikawu unakuberekani?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Iwe, anthu akakuika patsogolo sumawaonetsa msana waulesi. Ndipatse pampu."

Atatha zaka zinayi pampando, miyendo inayamba kutupa. Kuchipatala ku Mua anawauza kuti magazi akuthamanga, achepetse mchere ndi zolingalira. Mchere anachepetsa. Kenako tsiku lina akuleretsa amayi awiri amene ankalimbirana mthunzi, anachita chizungulire n'kukhala pansi m'fumbi, maso ali gwa. Ndinawanyamula pa kabaza wanga kupita nawo kunyumba, atandigwira m'chiuno ngati mwana. Amayi anga anawadandaulira kuti atule pansi udindo. Iwo anati, "Anthu akandikana ndisiya. Ndekha sindingathawe." Chisankho chitayandikira, anaimanso kachitatu.

Chisankho chathu sichikhala ndi mapepala. Opikisana amaima moyang'ana khoma la chigayo, ndipo saloledwa kucheuka. Aliyense wochita malonda pamsika, ngakhale ife a kabaza, amakaima pamzere kumbuyo kwa amene akumufuna. Owerenga ndi aphunzitsi awiri a kupulayimale, chifukwa sagulitsa kanthu. Pali lamulo lina limene silinalembedwe paliponse: woyamba pamzere amakhala wachibale, ndipo amaika dzanja pa phewa la wopikisanayo. Akuti kale munthu wina anatembenuka n'kupeza kumbuyo kwake kuli galu yekha, ndiye anagwirizana kuti zoterozo zisadzachitikenso. Amayi savota, iwo amalima mpunga ku Bwanje, alibe benchi pamsika. Wachibale wa abambo pamsika ndi ine ndekha, ndipo pa chisankho chapitacho dzanja linali langa.

Ulendo uno opikisana anali atatu: abambo, telala uja amene sanataye mtima, ndi mayi wina wamasiye wogulitsa mpunga, wa msinkhu wa amayi anga, wa mawu omveka tsidya la msewu. Aliyense ankadziwa kuti abambo apambana. Ndinaganiza sabata yathunthu, kenako ndinapita kwa anzanga a kabaza pamene timaimika njinga.

"Mawa tonse tiime kwa mayi a mpunga."

"Wasuta chani iwe? Bambo ako omwe?"

"Omwewo."

"Akumana cholowa kapena?"

"Cholowa chake chiti, masipoko? Munawaona atakhala m'fumbi paja. Mukufuna tiwaike ndi wenzulo m'khosi?"

Mmodzi, amene abambo anamuphunzitsa kuwongola gudumu, anati iye sangathe, ndipo sindinamukakamize. Enawo anavomera, koma anati ndikadzatembereredwa ndisadzawatchule.

M'mawa wa tsikulo abambo anasita okha shati yawo yoyera ya kutchalitchi. Potuluka anandiuza kuti, "Usachedwe. Ugwire phewa lakumanja, lakumanzereli likuwawa." Ndinati chabwino. Bodza limenelo limandiwawabe kuposa zonse zimene zinatsatira.

Chigayo anachizimitsa. Atatuwo anaima moyang'ana khoma, telala ali mu jekete lake. Mphunzitsi wamkulu atakweza dzanja, anthu anayamba kuthamanga uku ndi uku, amayi akukokana zitenje, ena akuseka. Ine ndinangoima. Ndinkaona msana wa abambo, shati itayamba kale kunyowa pakati. Kumbuyo kwawo anthu anafola ambiri, koma anasiya mpata wa munthu mmodzi kutsogolo. Ankandidikira. Mayi wina wa mandasi anandikodola ndi dzanja, kenako ndi maso. Abambo anasuntha phewa lakumanja pang'ono, ngati munthu amene ntchentche yamutera.

Mpata uja unakhala wopanda munthu nthawi yaitali, mwina sinali yaitali koma kwa ine inatalika. Potsiriza mwini butchala, bambo wamkulu thupi, analowapo n'kuika chidzanja chake pa phewa la abambo, lakumanzere. Ndinaona khosi lawo likuuma. Sanacheuke. Malamulo ankawasunga ngakhale pamene akuwapweteka.

Ndinazungulira kuseri kwa anthu n'kukaima kumapeto kwenikweni kwa mzere wa mayi a mpunga, kumbuyo kwa mnyamata wamtali wogulitsa nzimbe, kuti ndisaoneke.

Mzere wa telala sunavute kuwerenga, munali akazi awo ndi anthu awiri amene ankawasokera ulere. Mizere iwiri inayo inali pafupifupi yofanana, moti aphunzitsi anawerenga kawiri, akugunda mutu uliwonse ndi cholembera. Mayi a mpunga anapambana ndi anthu ochepa kwambiri. Ochepawo tinali ife a kabaza.

Atauzidwa kuti atembenuke, abambo anayang'ana mzere wawo kuyambira kwa wabutchala mpaka kumapeto, pang'onopang'ono. Mzere winawo sanauyang'ane n'komwe. Anavula chingwe chija n'kuwaveka mayiwo. Chinakola pa duku, anthu anaseka, iwonso anaseka nawo.

"Amayi, kiyiyu amavuta," anatero. "Potsegula muzikankha chitseko ndi bondo."

"Ndamva, Ameya."

"Ameya ndinu. Ine ndine wa njinga."

Anabwerera pansi pa mango n'kumaliza njinga imene inakhala chagada masiku awiri, shati ya kutchalitchi ili m'thupi.

Masiku atatu sanandilankhule. Sanakalipe, sanandithamangitse, ankangondidutsa ngati chitsa. Amayi anamva zonse kumadzi, koma anangondiyang'ana n'kundiwonjezera ndiwo. Pamsika ena ankanditcha mwana wosalera, ena ankandigwira chanza mobisa. Onsewo ankanditopetsa. Ndinkapalasa maulendo ataliatali, mpaka ku Mtakataka, kuti ndisadutse pa mango paja.

Tsiku lachinayi ndinanyamula matumba awiri a mpunga kuchokera ku Bwanje, ndipo masipoko atatu a gudumu lakumbuyo anaduka. Ndikanatha kukankha mpaka ku Golomoti. Ndinaima pamsewu kuganiza zimenezo, kenako ndinadziona kupusa, n'kukhotera ku mango.

Anali atakhala pa kampando kawo, miyendo atatambasula pa tayala lakale. Anayang'ana gudumu, osati ine.

"Matumba angati?"

"Awiri."

"Njinga si ngolo. Tembenuza."

Ndinaitembenuza. Anamasula gudumu, nayamba kulowetsa masipoko atsopano, osafulumira. Tsidya la msewu kunamveka phokoso, amayi awiri akukangana, kenako wenzulo. Dzanja la abambo linaima. Ndinaona thupi lawo likufuna kudzuka lokha. Anamvetsera mpaka mawu a mayi a mpunga ataphimba onse awiri, n'kupitiriza kumanga.

"Amaimba nthawi yaitali kwambiri," anatero. "Wenzulo ndi kamodzi basi."

Ndinawapatsira sipoko ina.

"Dzanja la wabutchala limalemera ngati mwendo wa ng'ombe. Ndipo palibe anamuuza za phewa."

"Pepani, bambo."

"Unadwala?"

"Ayi."

"Unaima kuti?"

"Kwa mayi a mpunga."

"Zimenezo ndikudziwa, msika wonse wandiuza. Ndikufunsa kuti pati."

"Kumapeto."

Anazungulitsa gudumu n'kuliyang'ana ndi diso limodzi, chala chili pafupi ndi mkombero wake, kuona ngati likuyenda mowongoka.

"Chimene chandiwawa n'chimenecho," anatero. "Kuti unafuna ndisiye, amayi akonso ankafuna, adokotala ankafuna. Mwina ndi ine ndemwe ndinkafuna, sindikudziwa. Koma mwana wanga kubisala kumbuyo kwa nzimbe? Ukafuna kugwetsa bambo ako, uziima kutsogolo, anthu akuone nkhope."

"Ndikanaima kutsogolo mukanandikhululukira?"

"Ayi. Koma ndikanakwiya masiku awiri, osati atatu. Gwira apa, usagwedeze."

Ndinagwira foloko ya njinga ndi manja onse awiri, iwo akumanga mabawuti.