Mphete Imene Nasiru Anagula ku Durban

Nasiru Ajasi anabadwira kwa Mwambo, mtunda wa ola limodzi pa njinga kuchokera pa doko la Kachulu. Bambo ake anali msodzi wa matemba, munthu wosalamula kawiri: mawu akapanda kumveka, chinkayankhula ndi chingwe cha khoka. Nasiru anakula ndi mikwingwirima kumsana, ndipo pomwe ankamera ndevu anali atayamba kale kupatsira ena zimene ankalandira kwawo. Anathyolapo mphuno ya wogula nsomba wa ku Songani amene ankatsindira matemba m'chidebe choyezera. Anamizaponso wina mutu m'madzi mpaka anzake anachita kumulanditsa. Komabe sankaba, mowa sankaulawa, ndipo akanena kuti afika m'mawa ankafikadi.

Pa doko pomwepo ndi pamene anaonera Shamila, mwana wa mlimi wa mpunga, amene ankakazinga milamba n'kumagulitsa kwa okwera mabwato. Akuluakulu a mbali zonse atakambirana, anagwirizana kuti ndowa, ukwati wa kumzikiti, ichitike mnyamatayo akapeza pogwira. Koma chaka chimenecho nyanja ya Chilwa inaphwa. Mabwato anagona chammbali pa matope ong'aluka, ndipo anthu ankapita ku chilumba cha Chisi wapansi. Nasiru anagulitsa ukonde wake n'kukonzeka ulendo wa ku Joni.

Asananyamuke, Shamila anapempha chinthu chimodzi. Anali ataona mphete ya chinkhoswe pa chala cha namwino wina kuchipatala, ndipo ankafuna yake, ya golide weniweni. Amalume ake anaseka, amvekere ndowa sifuna mphete, zimenezo n'za m'tauni. Nasiru sanaseke nawo.

Ku Durban anapeza ntchito yotsitsa matumba a anyezi ndi mbatatesi pa msika. Ankagona anthu asanu m'chipinda chimodzi, onse a ku Zomba ndi Machinga. Chaka choyamba chinathera kutumiza ufa ndi malata kumudzi. M'chaka chachiwiri ndi momwe anayamba kusuzumira m'magalasi a masitolo a mphete. M'masitolo akuluakulu alonda ankamuyang'ana nsapato n'kumutsekereza pakhomo. Kenako anapeza kasitolo kopapatiza kuseri kwa msika, ka mkulu wina wachimwenye, bambo Ismail, amene ankasula ndi kukonza yekha mphete.

Nasiru analowa, napereka salamu, n'kutulutsa kaulusi mu envelopu. Shamila anali atakazunguliza pa chala chake, kukadula, n'kukatumiza ndi munthu wobwera ku Joni. Bambo Ismail anakayeza pa chitsulo chawo, natulutsa mphete zitatu. Nasiru analoza yapakati, yopyapyala, ya kamwala kofiira. Chingerezi chake chinali chongokwanira kufunsira ntchito, choncho malonda onse anachitikira pa kalikyuleta. Mkuluyo analemba marandi 3,800. Nasiru anafufuta n'kulemba 1,500. Mkuluyo anamuyang'ana pamwamba pa mandala, nabwezera mphete m'kabati.

Anabwererako Loweruka lotsatira, ndi linzakenso. Ulendo wachitatu anaika manja ake pa tebulo, osupuka ndi matumba, kuti mkuluyo aone kumene ndalamayo imachokera. Bambo Ismail nawo anaika mphete pa sikelo, n'kumuonetsa kulemera kwake ndi chidindo chaching'ono chamkati chotsimikiza golide. Anatsika kufika 3,200. Nasiru anakwera kufika 2,500, natembenuka kuti azipita. Atafika pakhomo anamva mkuluyo akugogoda galasi ndi chikhadabo. Pa kalikyuleta panali 2,900.

"Pansi pa apa ndiye kuti ndikukupatsa mkuwa," anatero bambo Ismail, pang'onopang'ono kuti amve. "Uzilipira mwezi ndi mwezi. Ukamaliza, utenga."

Analipira miyezi isanu, mwezi uliwonse akulandira lisiti lolembedwa pamanja.

Tsiku lokatenga mphete linali Loweruka masana, m'misewu muli anthu yakaliyakali. Anyamata atatu ayenera kuti anamuona akutuluka m'sitolomo. Anamutsatira mpaka pa kanjira kapakati pa msika ndi pokwerera minibasi. Nasiru atamva mapazi akufulumira kumbuyo, anatsegula kabokosi ali chiyendere, naponya mphete m'kamwa. Woyamba anamukola khosi ndi mkono. Wachiwiri anamubaya mpeni pantchafu, n'kuupotokola. Nasiru anagwira dzanja la mpenilo, nalipinda mpaka linalira ngati nkhuni youma, koma wachitatu anamugwetsa ndi njerwa kumutu. Anamupondaponda kumaso ndi nsapato. Mano awiri akutsogolo anathyoka, magazi anadzaza m'kamwa, koma sanatsegule pakamwa ngakhale kuti akuwe. Anatenga foni, kabokosi kopanda kanthu ndi jekete. Anthu ankangolambalala. Amene anamudzutsa ndi mayi wogulitsa tomato, ndipo atalavulira magazi m'dzanja, mphete inali momwemo pamodzi ndi zidutswa za mano.

Mwendo unatenga miyezi iwiri kuti upole, ntchito itaima. Ndalama yobwererera kumudzi panalibe, ndipo kusunga golide m'chipinda cha anthu asanu kunkamusowetsa mtendere. Ndiye anaganiza za Bizweki. Uyu anali wa ku Kuntumanji, mmodzi wa amene amanyamula katundu wa anthu a ku Joni kupita naye kumudzi, ndipo malata a Nasiru anawafikitsa ndi iyeyo popanda vuto. Nasiru anakulunga mphete m'kansalu, nasoka, n'kumupatsa m'manja pamaso pa anzake awiri.

Patatha milungu itatu Shamila anaimba foni ya mnzake wa Nasiru, akusangalala. Mphete inafika, inamukwana, ndipo doko lonse linaiona. Patatha mwezi anaimbanso. Chala chinali chitabiriwira pamene pamakhala mphete, golide uja akusupuka ngati utoto wa pa mbale. Amayi okazinga nsomba ankamufunsa ngati ku Joni golide amachita dzimbiri. Wina anabwera ndi inzake yofanana nayo, yogula pa benchi ku Songani pa mtengo wa sopo. Amalume ake anati munthu wonamiza mkazi asanamukwatire adzamunamiza mpaka kumanda. Nasiru analumbira, natchula malisiti, koma Shamila anangoti watopa kusekedwa. Bizweki foni sankayankha.

Nasiru anabwereka ya basi n'kubwera. Anafika pa Kachulu Lachinayi m'mawa, nyanja itadzazanso, asanapite n'komwe kukalonjera mayi ake. Anapeza Bizweki pa doko akulongedza matumba a mpunga m'bwato, atavala magalasi akuda.

"Achimwene, mwafika liti?" anafunsa Bizweki akutambasula dzanja.

Nasiru sanalilandire. Anakweza mlomo wam'mwamba ndi chala kuti aone pamene panali mano.

"Ndinakupatsa mphete ya golide. Ili kuti?"

Bizweki anati iye anapereka chimene anapatsidwa, ndipo ngati mmwenye anamupusitsa, asamadandaulire anthu apaulendo. Ananena mokweza kuti ena amve, ndipo ena anasekadi. Kenako anawonjezera kuti munthu wonyamula anyezi golide angamudziwire kuti.

Pambali pa bwato panali nkhafi. Amene analipo amati sanaone n'komwe Nasiru akuitola. Yoyamba inatera pakhutu, magalasi n'kuuluka. Bizweki anagwada m'madzi ofika m'mawondo, natchinga ndi mkono, ndipo yachiwiri inathyola mkonowo. Anayesa kukwawira kumtunda. Nasiru anamutsatira, akumenya msana ndi m'mphepete mwa nkhafi, katatu, kanayi, mpaka nkhafi inagawanika. Anataya chotsalacho, namugwira kolala, n'kumukanikiza nkhope m'matope. Amuna anayi analephera kumuchotsa. Anachita kumukulunga ndi ukonde n'kumukokera kumtunda. Madzi ozungulira bwato anali atafiira. Shamila anaona zonse ataima pa chiwaya chake, mafuta akupserera.

Anthu ena ankafuna kumumenya Nasiru pomwepo, ndipo miyala ingapo inamupeza ali mu ukondemo. Anamupulumutsa ndi shehe wa pamzikiti wapafupi, amene anaima patsogolo pake mpaka apolisi anafika. Bizweki anamutengera ku Zomba pa galimoto ya nsomba. Sanafe, koma miyendo yake sinagwirenso ntchito, ndipo khutu lakumanzere linagontha.

Mlandu uli mkati, mkazi wa Bizweki, Mwajuma, anapita yekha kupolisi ndi kansalu kosokedwa, mkati muli mphete. Anati mwamuna wake anamupatsa mpheteyo ngati mphatso ya ku Joni, namuuza kuti asamaivale poyera, ndipo iye anangozindikira atamva za kamwala kofiira m'khoti. Chidindo chamkati chinafanana ndi cholembedwa pa malisiti a bambo Ismail. Woweruza anavomera kuti Nasiru anaberedwa, koma anati kuberedwa si chilolezo cholumaza munthu. Anamupatsa zaka zisanu ndi chimodzi. Mwajuma kwawo kwa mwamuna wake anamuda chifukwa cha zimenezo, komabe ndi iye amene ankamusambitsa Bizweki ndi kumunyamula.

Shamila anapita kundende kamodzi kokha, atanyamula mpunga ndi milamba. Nasiru anamuuza kuti tsopano aliyense wadziwa kuti sananame, ndipo mphete apolisi aipereka kwa mayi ake, akaitenge.

"Ndikudziwa kuti simunaname," anatero Shamila. "Koma ine ndinalipo pa doko. Ndinaona nkhope yanu. Tsiku lina ndidzapsereza ndiwo, kapena ndidzayankha molakwika. Ndiye tsiku limenelo mudzatola chiyani?"

Nasiru anafunsa ngati mpunga wachita bwino chaka chimenecho, ndipo anacheza za mpunga mpaka mlonda anati nthawi yatha. Chaka chotsatira Shamila anakwatiwa ndi telala wa ku Songani. Mphete ija mayi a Nasiru anaigulitsa ku Zomba nthawi ya njala, pa mtengo wosafika theka.

Nasiru anatuluka kundende atagwira zaka zinayi. Ali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi tsopano, amatsimphina nyengo yozizira, ndipo amakhala ndi mayi ake. Eni mabwato ambiri amaopa kumulemba, choncho amasoka maukonde pansi pa mtengo kuseri kwa doko, ntchito imene anaizolowera kundende posoka matumba. Amasoka bwino, ndipo mtengo sanenerera. Akatchula watchula, wosafuna atenge ukonde wake. Bizweki amagulitsa mayunitsi ndi shuga wa m'timapepala ali pa njinga ya olumala, chapafupi ndi pamene amaimika njinga za kabaza. Pakati pawo pali mtunda wosakwana bwalo la mpira. Sanayankhulanepo.

Ine ndinamupititsira Nasiru ukonde mwezi wathawu, titadziwana kuyambira ku madarasa. Tili mkati mocheza, anyamata awiri ogula nsomba anayamba kukankhana chifukwa cha malo oyanikira matemba, wina n'kutola mwala. Nasiru anasiya kusoka. Ndinaona manja ake atagwira bondo zolimba. Anakhala choncho mpaka anthu anawaleretsa. Kenako anapempha kuti ndimugwirire mbali ina ya ukonde, chifukwa mfundo sizinkamangika.