Giyabokosi Salandira Basela

Pa doko la Kachulu palibe amene anawaonapo a Thomson Namaona atakhala pansi mpaka kutsiriza kapu ya tiyi. Amamwa ali chiimire, diso lina ku mabwato ochokera ku Chisi, lina ku galimoto yawo. Anayamba ndi usodzi wa matemba. Nyanja ya Chilwa itaphwa anagulitsa makoka, ndipo madzi atabwerera sanabwerere nawo. Anayamba kunyamula madengu a anzawo panjinga. Njinga inabala yamoto, yamotoyo inabala galimoto yakale ya otomatiki imene inali itadutsa kale m'manja anayi.

Galimotoyo inkadya chifukwa cha amayi asanu ogulitsa matemba ouma, amene Lachiwiri ndi Loweruka amafuna kufika mumsika wa Zomba anzawo asanayale malonda. Amayiwa ankawakonda a Thomson chifukwa cha basela. Kuyambira masiku amene ankagulitsa nsomba, mbale ikadzaza ankaonjezerapo dzanja limodzi, ndipo pagalimoto dengu laling'ono linkakwera ulere. Ankanena kuti choonjezera sichinapwetekepo munthu. Mfundoyi ndi yabwino, ndipo amalonda athu akanaigwira onse, misika ikanakhala malo ena. Vuto lake ndi lakuti a Thomson ankaiyesa lamulo la chinthu chilichonse cha pansi pa thambo.

Kwa masabata atatu galimoto inali ikuzengereza. Akaponya giya, inkayamba yaima ngati ikuganiza, iwo n'kumawerenga chamumtima mpaka khumi, kenako n'kudumpha mwadzidzidzi madengu n'kugundana. Lachiwiri anafika ku Zomba dzuwa litakwera, malo abwino atatengedwa.

"Achimwene, ife sitidana nanu," anatero mayi Sauda, mtsogoleri wa amayi aja. "Koma Loweruka ikachitanso manyazi akewa, tikwera minibasi."

Lachisanu a Thomson anabwerako ku tauni ndi malita asanu ndi atatu a oyilo wofiira wa giyabokosi. Wogulitsa anali atawawerengera pafoni kuti giyabokosi ya mtundu umenewo imalowa malita asanu ndi awiri. Lita yotsalayo anaigula mwa chizolowezi chawo. Anakweza matayala akutsogolo pamatabwa kuseri kwa nyumba, nayala katoni pansi. Asanalowe n'komwe, anatulukira mlamu wawo a Wilisoni, mlongo wa akazi awo a Virginia, amene amakonza injini za mabwato padoko.

"Alamu, mukufuna kuipha?" anafunsa a Wilisoni. "Galimoto yokalamba saisintha oyilo ameneyo. Zinyalala zili m'katimo ndi zimene zikugwiriza zitsulo. Mukachotsa, iterera ngati mlamba m'manja."

"Ndiye inu mukadwala magazi tizikusiyani nawo omwewo?"

"Ine si galimoto."

"N'zoona, galimoto imafika kumene yatumidwa."

A Virginia, amene ankatembenuza matemba pathandala, anaseka osacheuka. A Thomson anawabwereka chigoba cha malita asanu choyezera nsomba, nachiika pansi pa galimoto, namasula bawuti ndi sipanala. Oyilo anatuluka wakuda bii, akununkha ngati chigayo chopsa lamba. Anayenda, nachepa, nayamba kudontha, naleka. Chigoba chinali chitangopitirira theka.

A Thomson anatuluka pansi paja maso ali gwa. "Malita atatu okha! Mwaona, alamu? Asanu ndi awiri ndiwo oyenera, koma muli atatu. Galimotoyi yakhala ikuyenda ndi ludzu. Matenda ake ndi amenewa."

"Anayiwo anapita kuti, popeza pansi pano sipadontha?" anafunsa a Wilisoni.

"Anauma. Nyanja yonseyi inauma, nanji malita anayi?"

A Virginia anabwera kudzasuzumira m'chigoba chawo. "Bambo a Chifundo, ine za magalimoto sindizidziwa. Koma dengu likatuluka zigoba zitatu, ndimabwezeramo zitatu. Zikaposa, chivindikiro sichitseka."

Koma a Thomson anali atamanga kale bawuti, atadula botolo pakati n'kulizika pa kapaipi ka chitsulo choyezera oyilo. Anathira pang'onopang'ono, akupondaponda ndi miyendo, kufikira malita asanu ndi awiri atalowa. Anayang'ana botolo lotsala, nayang'ana galimoto imene inawatumikira zaka zinayi osadandaula, ndipo dzanja linapendeka lokha.

"Kabasela," anatero.

Poyesa, galimoto inanyamuka bwino ndithu, ndipo a Thomson anaimba hutala kuti mlamu wawo amve. Sanapitirire pa mjigo. Injini inayamba kulira kwambiri koma matayala osalabadira, utsi unafuka kutsogolo, ndipo atatsegula boneti anapeza thovu lofiirira likusefukira pa kapaipi kaja, likugwera pa zitsulo zotentha. Anaikankha kubwerera kunyumba iwo ndi a Wilisoni, amene sanaleke kulankhula njira yonse.

"Ndinanena ine. Mwaphika thobwa m'giyabokosi, alamu. Tiitane anthu adzamwe?"

A Thomson anazungulira galimoto kanayi, natsegula chitseko, nachitseka, napita kumsewu, nabwerako. Mawa linali Loweruka. Pomaliza anaimbira a Comfort, makaniko wa ku Songani amene anadziwana nawo pa maliro, nakweza mawu a foni kuti onse amve.

A Comfort atamva nkhani yonse anafunsa funso limodzi: "Anatuluka angati?"

"Atatu."

"Ndiye inu mwathira angati?"

"Asanu ndi awiri. Ndi kena pamwamba."

Kunamveka kuseka kwa anthu angapo kugalajako. "Madala, anayi aja sanapite kulikonse. Amatsalira m'chimphika chozungulira chili pakati pa injini ndi giyabokosi, ndipo pabawuti satuluka. Panopa muli ndi malita khumi ndi limodzi m'malo a asanu ndi awiri. Zitsulo zikumupuntha oyiloyo mpaka thovu, ndipo thovu silikankha galimoto. Chotsani anayi ndi kenako. Thovu likatsika, muilize galimoto, itenthe, muyeze oyilo injini ikulira, pamalo osapendekeka."

Apa mpofunika chilungamo, chifukwa padoko nkhaniyi amaifotokoza ngati kuti a Wilisoni anapambana. Sanapambane. Oyilo wopsa uja anayeneradi kuchoka, ndipo a Comfort anawauza kuti mantha awo ali ndi malo pokhapokha munthu akatsuka zonse nthawi imodzi. Kuchotsa atatu n'kubwezera atatu ndiko kusintha kumene galimoto yokalamba imapirira. A Thomson nawonso sanalakwe chifukwa cha umbuli. Anawerengera, anafunsa, anagula oyilo woyenera. Chinawagwetsa ndi khalidwe lomwe limawadyetsa. Amene ananena zoona masana amenewo ndi amene sanafunsidwe, ndipo ndi iwo anagwira chigoba pamene amuna awo ankamasulanso bawuti.

"Basi, mangani," anatero a Virginia oyilo atafika pa mzere umene anaulemba ndi makala.

Malo osapendekeka anawapeza pa simenti ya shedi ya nsomba. Kumeneko, dzuwa likupendeka, a Thomson anasolola chitsulo choyezera, nachipukuta, nachibweza, nachisololanso kasanu konse. Oyilo anali pakati pa timizere tiwiri, wofiira moderako, wopanda thovu.

Loweruka m'mawa mbiri ya thovu inali itawatsogolera kale. Amayi atatu anali atakweza madengu awo pa minibasi, kondakitala akuwamangirira mokondwa. Mayi Sauda ndi mnzawo mmodzi anaima pakati, madengu ali pansi, akuyang'ana uku ndi uku.

"Achimwene, tamva kuti dzulo inachita kukankhidwa."

"Mwamva zoona, mayi. Imani pomwepo muone nokha. Ikakanika, minibasi iyo."

Analiza injini, naponda buleki, naponya giya. Anawerenga mokweza kuti amayiwo amve. Pa chitatu galimoto inagwira, mosadumpha, ngati bwato lochoka pamatope. Sikunali kuchira kwenikweni, ndipo a Thomson anadziwa kuti giyabokosi ya zaka zimenezo sibwerera ku unyamata.

Mayi Sauda anayang'ana minibasi, imene inali ikudikirabe kuti idzaze. Kenako anawerama, nanyamula dengu lawo.

"Tsegulani kumbuyoko. Koma musazimitse."