Njinga Yoduka Korente ya Achimwene

Mtendere utabwera tinachoka ku Malawi kumene tinathawira nkhondo, eee, tinabwera tikuimba, mitolo pamutu, ana kumsana. Tinadutsa pa Entre Lagos n'kutsikira kwathu kunyanja ya Chiuta. Ndinali ndi ana anga, ndi achimwene anga aakulu, ndi njinga yawo yoduka korente, ndiye kuti tcheni, yosapalasika. Onse ankaimba, achimwene okha ayi. Akati ayambe nyimbo, chifuwa chinkawatsekereza, chikulira fyoo, fyoo, ngati bango lobowoka.

Chifuwa chimenecho tinkachidziwa. Ndi chomwe chinatenga abambo athu, ndi chomwe chinatenganso azakhali. Cha kumtundu. Pagulu sitinkachitchula.

Enfermeru, namwino wa kuchipatala, anawamvetsera pamsana, nati kwa ine: "Amayi, ichi si chifuwa chachikulu, sichipatsirana. Chili m'magazi mwanu, ndipo utsi wachikulitsa. Kutha sichitha. Koma musawagoneke. Fodya asiye, utsi wowambira milamba autalikire, ndipo aziyenda tsiku ndi tsiku, pang'onopang'ono. Akakhalira mphasa miyendo ifooka, mpweya nawo ufupika."

Aziyenda! Kwathu wodwala timamugoneka, timamupatsira madzi pamphasa pomwepo. Woyendetsa wodwala amamuti ndi wouma mtima. Ndiponso munthu wamkulu sayenda chimanjamanja wopanda kopita. Anthu amati wapenga, kapena akusuzumira chinangwa cha eni ake. Achimwene anakana. "Chemwali, ine ndizingozungulira m'mudzi ngati nkhuku?"

Ndiye ndinaganiza za njinga ija. Ndinamangirira dengu la nsomba pakaliyala, ndinaikamo udzu, ndinavundikira ndi saka. Ndinati, "Achimwene, gwirani. Muzikankha ngati wamalonda. Phuma likakugwirani, tsamirani pachiwongolero ngati mukuyang'ana tayala."

Ndipo zinatheka, amayi inu, zinatheka! M'mawa uliwonse njinga iyo, achimwene awo, ine m'mbuyo ndi ndowa yanga. Poyamba ankathera pamtengo wa mango. Kenaka anafika pamzikiti. Chimanga chisanache anali akufika kudoko kumene mabwato amakocheza. Chakudya chinayamba kulowa, nthabwala zawo zinabwerera.

Tsiku lina pobwera kudoko tinakumana ndi amayi oyanika matemba pathandala. Mmodzi, mayi wachiyao wa pakamwa pakuthwa, mnansi wathu, anaimirira.

"Ambuje, tsiku lililonse mukudutsa ndi dengu, ife osatigula. Mukugula kwa yani? Tione nsomba za anzathuwo!"

Ndisanatsegule pakamwa anafunukula saka. Udzu wokhawokha.

Kuseka kwake! Wina anagwa pamchenga. "Amalonda a udzu! Mtengo wake bwanji, achimwene? Mbuzi zanga zili ndi njala!"

Ine thupi lonse linatentha. Ndinafuna nyanja inditenge ndi ndowa yomwe. Achimwene anafuna kuyankha, chifuwa chinawatseka, anangoima fyoo, fyoo, anthu onse akumva. Chimene tinkabisa chinadzinena chokha. Kuseka kunazima, ndipo chete uja anandiwawa kuposa kusekako.

Kufika kunyumba anagoneka njinga kuseri kwa nkhokwe, iwo pamphasa. Ndikawadzutsa ankati, "Wandivula pagulu, chemwali, zakwana." Inenso kumjigo ndinkapita mozemba, nsalu kumaso. Mwezi usanathe ankalephera kufika kubafa osapumira panjira. Ndinkaona abambo athu akubwerera pamphasa ija, ndipo nyimbo zinandithera m'kamwa.

Ndiye m'mawa wina, odi! Mayi wachiyao uja, kamtolo ka matemba ouma m'manja. Sanayang'ane ine. Anagwada pakhomo.

"Ambuje, mwana wanga amakhala kumsewu uko, ndipo ine bondo landivuta. Njinga yanu ija ingandiperekere kandiwoka?"

Bondo lake linalibe kanthu, ndinamuona dzulo lake atasenza nkhuni. Achimwene nawo ankadziwa. Komabe anati, "Chemwali, chotsamo udzu uja."

Tsikulo anapumira panjira kambirimbiri, koma anafika. Kuyambira pomwepo amayi akudoko sankasowa kowatuma: uyu kamchere, uyu kasopo, uyu uthenga chabe. Zopepuka zokhazokha. Ine ndikamawaona akuika m'dengu, manyazi ankandigwirabe, poti mudzi wonse unali kutithandiza kunama. Koma achimwene ankayenda, ankayenda, mpaka anaona mwana wanga woyamba akukwatiwa, anakhala pampando akuomba m'manja, poti kuimba sankatha.

Chifuwacho chinadzawatenga ndithu, koma chinawapeza miyendo ili ndi fumbi.

Tsopano ndine gogo, ndipo changanso chayamba kuimba fyoo ndikakwera kachitunda. Adzukulu ndimawathamangitsa pautsi wa milamba, ndimawatuma kutali dala, amati agogo ndi ovuta. Njinga ija ilipo, korente sitinaigulire. M'mawa ndimaikankha kupita kudoko, ndipo ndikafika pathandala paja nkhope imanditenthabe. Dengu ndimalisiya losavundikira.