Roboti Imene Inaswa Kapu ya Tiyi

Roboti ya Marzhan, yoponyera mipira m'dengu, inaponya mpira itazimitsidwa kale. Mpirawo unalambalala diso la Serik aga, mkulu woyesa maroboti mpikisano wa ana asukulu usanayambe, n'kukaswa kapu yake ya tiyi. Phwaa! (Kwathu kuno "aga" ndi mawu aulemu oitanira bambo wachikulire.)

"Mwanawe, lamulo likuti chiyani?"

"Ikazima isaponye kanthu, aga."

"Nyamula, uzipita. Kuno sitichotsana maso."

Holo yonse ya mumzinda wa Almaty inafa nako kuseka. Marzhan analira mpaka pokwerera basi.

Bambo ake, oweta mahatchi kumudzi, sanachulutse zonena pafoni: "Tikupatsa chaka chimodzi. Akakubwezanso, za m'tauni zatha, udzathandize mayi ako kukama mahatchi."

Koma mwana ameneyu, abale, inetu ndimamusirira. Vuto analipeza: sipulingi inkatsala yokokeka ngakhale magetsi azime. Anapanga kachitsulo kotsekera, kanathyoka. Anapanga kena, kanapindika. Anapanganso. Mphamvu yoponyera anaichepetsa monga malamulo amafunira, anzake n'kumamunena.

"Iwe wophwanya makapu, chinthu chakochi chikuponya kapena chikulavula?"

"Bola chikulavulira m'dengu," ankayankha choncho, osatukula n'komwe mutu.

Chaka chitatha anafika patebulo lomwe lija, kwa mkulu yemwe uja. Asanafunsidwe kanthu anatulutsa kapu yatsopano, n'kuiika kutsogolo kwenikweni kwa choponyera. Anakoka sipulingi, n'kuzimitsa roboti.

"Igwedezeni mmene mungathere, aga."

Mkuluyo anavala magalasi otchinga maso. Anaigwedeza, kuimenya ndi chikhato, kuigwedezanso. Mpira sunatuluke.

Kenako anatenga ketulo. Paja kwathu kuno ukamudzazira mlendo kapu ndiye kuti wamuuza azipita. Marzhan ankayang'ana tiyi akukwera m'kapu ija, mtima uli m'mwamba.

Serik aga analekeza pakati.

"Khala, mwana wanga. Ukamaliza ndikuwonjezera."

Anamata chizindikiro chovomereza pa roboti ija, ndipo Marzhan analiranso, ulendo uno akuseka. Chikho sanatenge chaka chimenecho, koma mahatchi aja akuwakama ndi ena. Iye akuphunzira uinjiniya.

Inu amene munabwezedwa anthu akuseka, musataye mtima. Kakonzeni chimene chinalakwikacho, mubwerere patebulo lomwelo. Ketulo sinazizire.