Bambo Tollefson Aima pa Njanji

Bambo Arvid Tollefson anayendetsa basi ya ana asukulu ku Duluth kwa zaka makumi atatu. Atapuma pantchito anakakamira kamakina kawo kakale ka masewera a pa TV, kaja kofuna kuuzira kaseti kuti kayambe. Za makina atsopano sankafuna n'kumva komwe. "Akalewa adwala chiyani?" ankatero.

Tsiku lina mwana wawo Marit anabwera ndi magalasi aja ukavala umangoona ngati uli m'masewera momwemo. Bambowo anawauzira kaye, kenako n'kuvala monyinyirika. Anangopezeka ali pachiwongolero, pa mpikisano wa magalimoto.

Magalimoto enawo anachoka ndi liwiro la mtondo wadooka, koma iwo ankayenda mwaulemu. Atafika podutsa njanji anaima monga mwa lamulo la mabasi a ana asukulu, natambasula dzanja ngati akutsegula chitseko cha basi, n'kutchera khutu kuti amve sitima.

"Adadi, ndi mpikisanotu uwu," anatero Marit, akuseka mpaka misozi. "Mwakhala omaliza."

Bambowo anavula magalasi aja nkhope ili ngwee. "Omaliza, inde, koma ana onse afika bwino. Magalasiwa uwasiye pompano, mawa ndikatengenso anawo."