Bondo langa ndi mbuzi ya chifuwa

Bondo langa lakumanzere silipinda. Ana a pa Nsaru amati ndimayenda ngati ndikuyeza munda wa eni. Asiyeni aseke, mano akadali nawo.

Ndinali wakutsogolo m'timu ya m'mudzi mwathu, ndipo musamve za ena, womwetsa zigoli ndinali ine. Tsikulo tinkalimbirana mbuzi ndi anyamata a kuesiteti ya fodya. Mbuzi yake yowonda, ya chifuwa. Kaputeni wathu, msuweni wanga, anali atapita kwa sing'anga ku Kabudula n'kubwerako ndi lamulo: mmene mwalowera m'bwalo, mutulukenso limodzi. Wina akatuluka wezulo womaliza asanalire, mankhwala asukuluka.

Chigawo chachiwiri chitangoyamba, chimnyamata china chakumbuyo cha kuesiteti chinandilowa ngati chikuzula chitsa. Phwa! Poyang'ana, phazi langa laloza kwina, ine kwina.

"Asuweni, ndinyamuleni, ndathyoka!"

"Aaa, mwangobinya inu. Limbani mtima. Mukatuluka, mbuzi yapita."

Anandikhwekhwerezera pakona, m'kati mwa mzere ndithu, kuti mankhwala asadziwe kanthu. Ngolo inali pomwepo, ng'ombe zili m'goli. Amayi anga pofuna kundithamangira anawagwira, ati mkazi saponda bwalo lokhwimira. Ndinaonera mpira wonsewo chogona, bondo likufufuma ngati dzungu. Tinagonja. Mbuzi inapita kuesiteti ikutsokomola.

Akatswiri athuwo sanathere pomwepo. Anandikoka mwendo, ati kuuwongola, mmodzi atandikhalira pachifuwa. Pofika kuchipatala, adokotala anangopukusa mutu n'kufunsa ngati kwathu kulibe anthu.

Njinga ndinasiya. Kutchalitchi anzanga akagwada, ine ndimangotambalala ngati mwini nyumba. Zaka zambiri wailesi ikayamba za mpira ndinkazimitsa, ndipo msuweniyo ndikamuona akudumpha ngalande mtima unkachita kuwira. Iye pamowa ankangoti, "Asuweni anafera timu." Kufera chiyani, eti? Mbuzi sitinainunkhe n'komwe.

Mkwiyo sulima. Ndinagula abulu ndi kangolo, ndipo masiku a mpira ndimaima pambali pa bwalo kugulitsa nzimbe. Anthu amayesa ndabwerera nzimbezo.

Chaka chatha mnyamata wathu wina anagwa monga ndinagwera ine. Msuweni wanga, yemwe tsopano ndi nkhalamba yolangiza timu, anatambasula manja kutsekereza anthu.

"Asamugwire! Kwatsala pang'ono!"

"Pang'ono pati, asuweni? Ine mpaka lero ndikudikira mbuzi yanu ija."

Ndinakwapula abulu. Tinalowa m'bwalo momwemo, woyimbira akuliza wezulo ngati waona njovu. Nzimbe ndinataya pansi, mnyamatayo tinamukweza, ulendo wa kuchipatala.

Timu inagonja, ati chifukwa abulu anga anaponda mankhwala. Msuweni sandilankhula. Koma mnyamata uja bondo lake limapinda. Dzana anandipitirira pa njinga, akupalasa ndi miyendo yonse iwiri, osandipatsa ndi moni womwe.